Nduna Yaikulu ndi "Anyamata" Ake: Mkangano wa 1964 Pouonera ku Yofu

Nkhani ya lero iyambira ku Yofu, mudzi wa asodzi umene uli kumpoto kwa chilumba cha Likoma. Munthu akakwera pamtunda, pakati pa milambe ndi minda ya chinangwa, nayang'ana kum'mawa, amaona mapiri atandandalika patsidya pa nyanja. Mapiri amenewo si a Malawi. Ndi a Mozambique, ndipo ali pafupi ndithu, mwakuti usiku moto wa m'midzi ya kumeneko umaoneka. Mtunda wa Malawi uli kutali kumadzulo, ulendo wa maola ambiri pa sitima. M'chaka cha 1964 tsidya lapafupilo linkalamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo funso la momwe dziko longolandira kumene ufulu likakhalire ndi mnansi wotere lidali limodzi mwa mafunso amene adang'amba boma loyamba la Malawi, patangopita milungu isanu ndi iwiri chikwezereni mbendera.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti dziko lino lidakhalapo ndi Nduna Yaikulu. Udindowu udakhala zaka zitatu ndi miyezi isanu yokha, kuyambira pa 1 Febuluwale 1963 kufikira pa 6 Julayi 1966, ndipo adaugwira munthu mmodzi yekha, Dr. Hastings Kamuzu Banda. Malamulo a ufulu adali otengera ku Mangalande. Mutu wa dziko adali Mfumukazi Elizabeth, woimirira wake ku Zomba adali Bwanamkubwa Sir Glyn Jones, ndipo Nduna Yaikulu inkayenera kuyendetsa boma mothandizana ndi nduna zinzake, monga wamkulu pakati pa anzake, wokhala pampando pokhapokha aphungu akadali naye chikhulupiriro. Dr. Banda sadaumve motero udindowo.

Iwo adabwerera kuno pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa makumi anayi. Amene adawaitana adali anyamata ophunzira a chipani cha Nyasaland African Congress, makamaka a Henry Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene adaona kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsate ana a zaka makumi awiri ndi mphambu, koma munthu wa imvi, dokotala wodziwa Azungu kwawo komwe. Anyamatawo adachita dala kumukweza m'maso mwa anthu ngati mpulumutsi. Ankayembekeza kuti nkhalambayo idzakhala mbendera, iwo ndi kumagwira chiwongolero. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikadalipo, kusiyana kwawo kudabisika. Ambiri mwa iwo adamangidwa pa 3 Malichi 1959, ndipo Dr. Banda, a Chipembere ndi a Chisiza awiri, Dunduzu ndi Yatuta, adakhala m'ndende imodzi ku Gwelo. A Orton Chirwa atakhazikitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho, adasungira Dr. Banda mpando, nawapatsa atatuluka mu Epulo 1960. Msonkhano wa chipani ku Nkhotakota chaka chimenecho udawasankha kukhala mtsogoleri wa chipani moyo wawo wonse.

Koma munthu amene adamuitanayo adali wamaganizo achikale, wosafuna zinthu zothamanga. Ankavala suti yakuda ndi chipewa cha Homburg ngakhale dzuwa liswe mtengo, adali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ankalemekeza machitidwe a Angerezi, ndipo chikomyunizimu ankachiopa ngati mliri. Kwa iwo, kuona maso a nkhono kudali kudekha. Nduna zawo, zambiri za zaka makumi atatu ndi mphambu, zidakula ndi mawu a Nkrumah ndi a Nyerere, ndipo zinkafuna kuti ufulu uoneke msanga m'maofesi ndi m'matumba a anthu. Pa misonkhano Dr. Banda ankazitchula "anyamata anga", nthawi zina ndi kuzidzudzula pamaso pa khamu. Mawu amene mu 1959 ankamveka achikondi, pofika 1964 adali kubaya, pakuti anyamatawo tsopano adali abambo a mabanja, oyendetsa maunduna.

Nkhani zimene adasemphanapo munthu wa ku Yofu sakadavutika kuzimvetsa. Yoyamba idali ya Apwitikizi. Dr. Banda adali atapita kale ku Lisbon mu 1962, ndipo adapalana ubwenzi ndi Jorge Jardim, mkulu wa malonda wa ku Beira, amene adamuika kukhala woimirira Malawi mumzindawo. Pa msonkhano wa atsogoleri a Africa ku Cairo mu Julayi 1964 adanena poyera kuti dziko lawo silingathe kudula malonda ndi maiko olamulidwa ndi Azungu. Chifukwa chawo chidali cholimba. Malawi alibe doko la nyanja yamchere; fodya, tiyi, thonje ndi mtedza zinkatuluka pa njanje ya ku Beira, mafuta ndi kulowera pomwepo. Amuna zikwizikwi ankagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Ndalama zoyendetsera boma zinkaperewera chaka ndi chaka, ndipo amene ankakwaniritsa adali Angerezi. Nduna zinkayankha kuti kukakamizidwa kudutsa pa bwalo la mfiti ndi kwina, kudya nayo m'mbale imodzi ndi kwinanso.

Pa Likoma mbali zonse ziwiri zidali zoona nthawi imodzi. Chilumbachi n'chouma, cha miyala, ndipo kuyambira kale nkhuni, mitengo yomangira ndi chakudya china zinkachokera patsidya. Anthu a ku Kobwe ndi a ku Msumba ndi Anyanja anzawo, olankhula chinenero chimodzi, opemphera mumpingo umodzi, okwatirana. Kukwiyitsa Mpwitikizi kukadatseka njira ya mabwato. Kumusekerera kudali kutembenukira msana abale amene ankalawa chikoti chake. Ndipo nkhaniyo sidachedwe kufika pagombe. Mu Sepitembala 1964, mwezi womwewo umene nduna zidachotsedwa ku Zomba, asilikali a Frelimo adayamba nkhondo yomenyera ufulu, ndipo boma la Apwitikizi la ku Kobwe, moyang'anizana ndi Likoma, lidali pakati pa malo oyamba kuthiridwa nkhondo m'chigawo cha Niassa. M'miyezi yotsatira anthu ambirimbiri a m'midzi ya patsidya adawolokera pa chilumbachi pothawa moto.

Yachiwiri idali ya ntchito za boma. Amishoni a U.M.C.A. adakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo tchalitchi chachikulu cha St. Peter adayamba kuchimanga mu 1903. Sukulu zidafika msanga, kotero kuti chilumba chosabala chimanga chidabala aphunzitsi, akalaliki a m'maofesi, ansembe ndi othandiza madokotala, amene adamwazikana ku Zomba, ku Blantyre, ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika. Mabanja ambiri ankadikira Ilala osati chifukwa cha alendo okha, komanso chifukwa cha kalata yokhala ndi ndalama. Anthu otere ankayembekeza kuti ufulu ukadza, mipando ya Azungu idzakhala yawo. Dr. Banda adakana kuchotsa Mzungu aliyense pokhapokha patapezeka Mmalawi amene iwo adakhutira naye, ndipo maudindo akuluakulu m'boma, m'polisi ndi m'gulu lankhondo adatsalabe ndi Angerezi. Pamwamba pa izo adavomera lipoti la Skinner, limene lidachepetsa zimene ogwira ntchito m'boma achikuda ankalandira, pofuna kuti boma losauka lisadye zoposa zimene lili nazo. Kalaliki wa ku Zomba akatsinidwa, nkhalamba ya ku Yofu inkamva kuwawa.

Padalinso tiki, ndiye kuti makobiri atatu, amene wodwala aliyense adayamba kulipira pa zipatala za boma. Kandalama kameneka kadali kochepa m'mabuku a nduna ya zachuma, koma kadali kolemera m'manja mwa mayi wa kumudzi, ndipo kadapweteka kwambiri chifukwa pa nthawi ya chitaganya chodedwacho mankhwala adali aulere. Ndiye padali nkhani ya China. Monga Dr. Banda adafotokozera m'Nyumba ya Malamulo, kazembe wa boma la Peking ku Dar es Salaam adalonjeza thandizo lofika mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi akadavomereza bomalo. Nduna zidati ndalamazo zilandiridwe; Dr. Banda adati chimenecho ndi chiphuphu. Adasankha Taiwan, ndipo ubale umenewo udakhala kufikira kumapeto kwa 2007. Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, imene idatsegulidwa mu 2010, adaimanga ndi Atchaina omwe adakanidwa aja.

Komabe wolondola bwino nkhaniyi amaona kuti tiki, Skinner ndi Peking zidali nthambi chabe. Tsinde lake lidali lakuti Nduna Yaikulu inkagamula zinthu yokha. Idasunga maunduna angapo m'manja mwake, inkamvera alangizi achizungu kuposa nduna zake, ndipo nduna zinkamva zina za boma lawo lomwe kwa anthu apadera. Pobwera ku Cairo, pa 26 Julayi, Dr. Banda adalankhula pa bwalo la ndege la Chileka mochenjeza kuti anthu aziyang'anitsitsa ngakhale nduna zomwe. Patangopita masiku ochepa a Colin Cameron, loya wa ku Scotland amene adali Mzungu yekhayo m'nduna, adatula pansi udindo pokana lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Apa mpofunika kunena chilungamo: nduna zina sizidatuluke nawo. Izo zomwe zidathandiza kumanga chipani chosalola wotsutsa, zidaombera m'manja pamene a zipani zina ankaopsezedwa, ndipo pa chisankho cha Epulo 1964 aphungu onse 50 a Kongeresi adalowa popanda wopikisana nawo. Msampha umene udazigwira zidathandiza kuutchera.

Pa 26 Ogasiti, pa msonkhano wa nduna ku Zomba, zonse zimene zidalipo zidaimirira pamodzi ndi kuuza Nduna Yaikulu madandaulo awo maso ndi maso. Dr. Banda adadzidzimuka. Adapempha kuti zilembe zimene zikufuna, ndipo zidakwera phiri la Zomba, ku hotela ya Ku Chawe, kumene zidalemba chikalata chimene chimatchedwa ndi dzina la malowo. Kwa masiku angapo zidaoneka ngati mkulu uja wagonja. Adalankhula zotula pansi udindo, ndipo padamveka maganizo akuti akhale Pulezidenti wolemekezeka chabe, a Orton Chirwa ndi kukhala Nduna Yaikulu. Amenewa ndiwo adali masiku a kufooka kwenikweni kwa Dr. Banda m'zaka zawo zonse za ulamuliro: nkhalamba yopanda mkazi, yopanda ana, yolankhula kwa anthu ake kupyolera mwa womasulira, itasiyidwa ndi pafupifupi onse amene idatuluka nawo m'ndende.

Nduna zidalakwitsa powerenga masikuwo. Zinkaganiza kuti popeza zagwirizana m'chipinda cha msonkhano, ndiye kuti zapambana. Dr. Banda adadziwa kuti mphamvu zawo sizili m'chipindamo, koma m'chipani: mwa apampando a zigawo ndi a maboma, mwa amayi, mwa achinyamata, ndi mwa aphungu amene adalowa m'Nyumba ya Malamulo chifukwa iwo adavomereza maina awo. Adaitana anthu amenewa mmodzimmodzi ndi m'magulu, nawauza kuti nduna zagulidwa ndi Atchaina ndipo zikufuna kuwalanda mpando. Sir Glyn Jones, amene adayesetsa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, adalangiza kuti nkhaniyo ipite kwa aphungu. Pa 7 Sepitembala, tsiku limodzi Nyumba isadakumane, Dr. Banda adachotsa a Chirwa, nduna ya zachilungamo, a Chiume, nduna yoona za kunja, ndi a Augustine Bwanausi, pamodzi ndi Mayi Rose Chibambo, amene adali wachiwiri kwa nduna ndiponso mayi yekhayo mwa aphungu. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a John Msonthi adatula pansi maudindo pomvera chisoni anzawo, ngakhale a Msonthi adabweza mawu awo pasadathe tsiku. A John Tembo, a zachuma, adatsala ndi Dr. Banda.

Nyumba ya Malamulo idakumana ku Zomba pa 8 ndi 9 Sepitembala. Dr. Banda adalankhula nthawi yaitali, nakumbutsa aphungu ngodya zinayi za chipani: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Za tiki ndi za Skinner sadakhalitsepo. Nkhani adaisandutsa funso limodzi lokha, lakuti ndani ali ndi Kamuzu ndipo ndani wamuukira. Aphungu adaimirira motsatizana kulumbira kukhulupirika kwawo ndi kunyoza anthu amene sabata lapitalo ankawagwadira. A Chipembere, nduna ya zamaphunziro, adali ku Canada pamene mkangano unkayamba. Adafika madzulo a tsiku loyamba, ndipo m'mawa mwake adatula pansi udindo, nakakhala pa mipando ya kumbuyo pamodzi ndi anzawo. Adalankhula modekha, kuteteza anzawo ndi kupempha kuti nkhani ikambidwe monga ya m'banja. Chodabwitsa n'chakuti nduna zochotsedwazo sizidavote motsutsa. Zidati zikadakhulupirirabe Dr. Banda monga mtsogoleri, koma zikungofuna kuti azimva uphungu. Motero Nyumba yonse idavomera ndi mawu amodzi kuti ili ndi chikhulupiriro mwa Nduna Yaikulu, ndipo anthu amene adali ndi mwayi umodzi wokha wotsutsa mwalamulo adautaya ndi manja awo.

Kunja kwa Nyumbayo kudalibe kudekha kotero. Kumapeto kwa Sepitembala ogwira ntchito m'boma ku Zomba, amene ambiri adali mbali ya nduna zakale, adamenyana m'misewu ndi achinyamata a chipani obwera nawo pa malole, ndipo kwa masiku angapo likulu la dziko lidali lopanda nduna yolimba mtima kugonamo. Dr. Banda adapita ku Chigawo cha Pakati ndi Kumpoto kukalimbitsa otsatira awo. Mu Okutobala nduna zakale zambiri zidawoloka malire, zina kunka ku Tanzania, zina ku Zambia. Lamulo lija adalikana a Cameron lidabwereranso, ndipo oyamba kulawa ululu wake adali otsatira a nduna zomwezo.

A Chipembere adabwerera kwawo ku Malindi, m'boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, kumene boma lidawalamula kuti asatalikire mudzi wawo. Dzina lawo lidali lodziwika bwino m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, pakuti bambo awo, a Habil Chipembere, adali wansembe wa mpingo wa Anglican, ndipo Malindi, Nkhotakota ndi Likoma zidali ngati zipinda za nyumba imodzi, zolumikizidwa ndi sitima ndi mapemphero. Ubale umenewo, umene kale udali chonyadira, udasanduka chinthu chonong'ona. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 a Chipembere adatuluka m'tchire ndi anthu pafupifupi 200, nalanda boma la Fort Johnston ndi mfuti za ku polisi, nalunjika ku Zomba. Atafika pa Liwonde adapeza pantoni yowolotsa magalimoto pa Shire itamangidwa tsidya linalo. Asilikali a boma, otsogozedwa ndi maofesala achingerezi omwe aja Dr. Banda adakana kuwachotsa, adafika m'mawa, ndipo gulu lija lidabalalika. Mu Epulo a Chipembere, amene ankadwala shuga, adatulutsidwa m'dziko mwakachetechete kunka ku America. Mmodzi mwa otsatira awo, a Medson Silombela, adagwidwa, napachikidwa ku Zomba kumayambiriro kwa 1966 anthu oitanidwa akuonerera.

Kuyambira pamenepo zinthu zidayenda mofulumira. Mafumu okayikiridwa adachotsedwa, lamulo la mlandu woukira boma lidakulitsidwa, a Malawi Young Pioneers adapatsidwa mphamvu zimene ngakhale apolisi sakadazikhudza, ndipo mu 1966 padabwera lamulo lolanda katundu wa munthu aliyense amene boma lamuona ngati mdani. Pa 6 Julayi 1966 Malawi adasanduka Ripabuliki ya chipani chimodzi. Bwanamkubwa adapita kwawo, udindo wa Nduna Yaikulu udafafanizidwa, ndipo Dr. Banda adakhala Pulezidenti wosayankha kwa nduna kapena kwa aphungu. Mu 1967 adakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa, mu 1970 njanje ya ku Nacala idatsegulidwa, ndipo mu 1971 adalengezedwa Pulezidenti wa moyo wonse. Pa za chuma ndi za malire, zina mwa zimene adaopa zidali zoona, ndipo dziko silidamire monga ena ankalosera. Koma kwa zaka pafupifupi makumi atatu padalibenso munthu wokhala nawo pa tebulo limodzi amene akadawauza kuti alakwa, ndipo maina a nduna za 1964 sankatchulidwa poyera kupatula powatukwana ngati zigawenga.

A Yatuta Chisiza adaphedwa mu Okutobala 1967 m'dera la Mwanza, atalowa m'dziko ndi kagulu ka anthu onyamula mfuti. A Chipembere adamwalira ku Los Angeles pa 24 Sepitembala 1975, ali ndi zaka 45. A Orton Chirwa ndi akazi awo, Mayi Vera Chirwa, adagwidwa cha kumalire a Zambia pa 24 Disembala 1981, naweruzidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo munthu amene adakhazikitsa Malawi Congress Party adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, patatsala miyezi isanu ndi itatu kuti anthu avote pa 14 Juni 1993 kuti zipani zikhale zambiri. Dr. Banda adagonja pa chisankho cha Meyi 1994, namwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997. Malamulo atsopano a dziko sadabwezeretse udindo wa Nduna Yaikulu.

A Chiume ndi Mayi Chibambo adakhala ndi moyo kufikira kubwerera kwawo mu 1994, atatha zaka makumi atatu m'dziko la eni. Mayi Chibambo adachotsedwa pa udindo tsiku limodzi lisadafike tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, ndipo pa 8 Sepitembala 1964, akukwanitsa zaka 36, adaimirira m'Nyumba ya Malamulo kudziteteza pakati pa phokoso la amuna owakuwiza. Mu 2012 nkhope yawo idaikidwa pa ndalama ya K200, ndipo adaiona ndi maso awo asadamwalire mu Januwale 2016. Ndalama imeneyo idafika ndi ku Yofu komwe, nkumapita m'manja mwa amayi ogula usipa pagombe m'mawa, mabwato akamakocheza.